Piyano ya timisomali: mmene chimbale cha Mannenberg chinabadwira kunja kwa mpanda wa makampani

Mu June 1974, mu situdiyo ina mumzinda wa Cape Town, amuna asanu ndi mmodzi anajambula nyimbo ya mphindi zoposa 13 imene inadzaza yokha mbali yonse ya chimbale. Pa piyano panali Dollar Brand, yemwe dziko lonse linadzamudziwa kuti Abdullah Ibrahim. Basil Coetzee ankaliza sakisofoni ya tenala, Robbie Jansen ndi Morris Goldberg ankaliza ya alto, Paul Michaels anali pa besi, ndipo Monty Weber ankaomba ng'oma. Kuseri kwa chimbalecho anaikako nyimbo ina yofatsa yotchedwa "The Pilgrim". Basi, nyimbo ziwiri zokha, zopanda woimba ndi pakamwa, zonse zolembedwa m'dzina la woimba piyanoyo. Chimbale chimenechi, Mannenberg – Is Where It's Happening, chinagulidwa kuposa chimbale china chilichonse cha jazi chojambulidwa ku South Africa m'zaka za 1974 ndi 1975. Anthu akamachikamba masiku ano amathamangira ku misonkhano yandale ya m'ma 1980, kumene nyimboyi inasanduka mfuu ya anthu okana tsankho. Nkhani imeneyo ndi yoona ndipo tiifika. Koma funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti zinatheka bwanji kuti nyimbo yotereyi ijambulidwe n'komwe m'dziko limenelo pa nthawi imeneyo. Yankho langa ndi lakuti zosankha zonse zikuluzikulu, monga kutalika kwa nyimbo, kalizidwe kake, oimba ake ndi oyamba kuimva, zinali m'manja mwa oimbawo ndi mwini shopu mmodzi wokonda jazi. Umwini weniweni wa chimbale cha nyimbo zopeka wekha umagona pa zosankha zimenezi kuposa pa funso lakuti kodi noti iliyonse ndi yatsopano.

Kuti mfundoyi imveke, tione kaye mmene malonda a nyimbo ankayendera kumeneko. Makampani akuluakulu monga Gallo ndi EMI anali ndi nthambi zojambula nyimbo za anthu akuda, ndipo mfumu ya nthambi iliyonse anali pulodyusa. Rupert Bopape, amene anayamba ku EMI n'kudzatsogolera nthambi ya Mavuthela ku Gallo kuyambira 1964, ndi chitsanzo chodziwika bwino. Anali waluso pa ntchito yake, ndipo mbaqanga imene Mahlathini ndi Mahotella Queens anatchuka nayo inatuluka m'manja mwake. Komabe dongosolo lake linali la fakitale: timbale ting'onoting'ono ta mphindi pafupifupi zitatu mbali imodzi, oimba olipidwa pa ntchito ya tsikulo, ndi nyimbo zoti zikalowe pa wayilesi ya boma imene inagawa omvera akuda potengera zilankhulo zawo kudzera mu Radio Bantu, uku akuluakulu ake akusefa mawu a nyimbo iliyonse. Mbiri ya Solomon Linda inali chenjezo lakale kwa aliyense wopeka nyimbo. "Mbube", imene anajambula mu 1939, inazungulira dziko lonse itavala mayina ena, mwiniwake n'kumwalira wosauka mu 1962, ndipo ana ake anadzapeza chipukutamisozi mu 2006. M'dongosolo lotere munalibe khomo lolowera nyimbo ya mphindi 13, yopanda mawu, yosagwirizana ndi mtundu umodzi wa anthu mwa mitundu imene boma linalemba m'mabuku ake. Pulodyusa wa kampani akanaidula, ndipo potengera nzeru za ntchito yake sakanalakwa.

Brand yemweyo sanali mlendo pa nkhani ya kuchepa kwa msika. Anabadwira ku Cape Town pa 9 October 1934, ndipo piyano anayamba kuimva m'tchalitchi cha African Methodist Episcopal, kumene agogo ake aakazi ankaimba. Mu 1960 gulu la Jazz Epistles, momwe anali ndi Kippie Moeketsi, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa, Johnny Gertze ndi Makaya Ntshoko, linatulutsa chimbale chimene ambiri amachiwerenga ngati chiyambi cha jazi yamakono ya anthu akuda ku South Africa, koma anangodinda makope 500 okha. Chaka chomwecho, pa 21 March, apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo malo oimbira anayamba kutsekeka. Mu 1962 Brand anapita ku Ulaya. Ku Zurich, mu 1963, woimba Sathima Bea Benjamin, amene anadzakhala mkazi wake, anakakamiza Duke Ellington kuti adzamve gulu la anthu atatu la Brand, ndipo zotsatira zake zinali chimbale cha Duke Ellington Presents the Dollar Brand Trio. Kenako anakhala ku New York, anaimba ndi Elvin Jones, anayenda ndi anthu ngati Don Cherry amene ankaphwasula malamulo onse a jazi. Ndikutchula zonsezi pa chifukwa chimodzi: munthu amene anakhala pa piyano ku Cape Town mu 1974 ankadziwa zovuta zonse zimene piyano ya jazi inali itafikapo. Pamene anasankha makodi atatu okha, anasankha akudziwa bwino zimene akusiya.

Munthu wachiwiri pa nkhaniyi ndi Rashid Vally, amene anali mwini shopu ya zimbale ya Kohinoor ku Johannesburg. Vally sanaphunzire nyimbo kusukulu ndipo analibe fakitale yodindira zimbale. Chimene anali nacho ndi kauntala. Tsiku ndi tsiku ankaona amene akulowa m'shopu, chimbale chimene akuchitenga n'kuchibweza, ndi chimene akuchilipira mosanyinyirika. Shopu yake inali amodzi mwa malo ochepa mumzindawo kumene anthu a mitundu yosiyana ankaima pamodzi n'kumamvera John Coltrane kapena Jimmy Smith. Anayamba ndi kujambula magulu a nyimbo zovina, kenako anajambula Brand atabwerera ku South Africa kumayambiriro kwa ma 1970, zimbale zimene sizinagulidwe kwenikweni. Kumayambiriro kwa 1974 anajambula naye Underground in Africa, chosakaniza jazi ndi roko, momwe Brand anakumana ndi anyamata a gulu la Oswietie la ku Cape Town, kuphatikizapo Coetzee ndi Jansen. Chimenecho chinayenda bwinoko pamsika. Choncho pamene anapita ku Cape Town kukajambula china, Vally anali atatayapo kale ndalama pa woimba ameneyu koma anabwerabe. Kampani yaikulu ikaluza kawiri pa munthu imatseka buku lake. Munthu mmodzi wogwiritsa ntchito ndalama za m'thumba mwake, amene sayankha kwa bwana aliyense, angathe kuyesa kachitatu ngati makutu ake akumuuza kutero. Chizindikiro chimene anatulutsira chimbale cha Mannenberg, As-Shams kapena The Sun, chinali chaching'ono mokwanira kuti chisankho chotere chitheke.

Zimene zinachitika mu situdiyomo zimafotokozedwa mofanana ndi amene analipo, ndipo wolemba mbiri John Edwin Mason anazisonkhanitsa mu nkhani yake ya mu 2007. Gululo linali litatha masiku likujambula nyimbo zina zokonzedwa kale, Brand akugwiritsa ntchito piyano yaikulu ya mu situdiyo. Pakona panali piyano yakale yoimirira, imene wina anabaya timisomali ta pamapepala pa tinyundo take. M'kati mwa piyano, munthu akadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi nsalu yofewa ya ubweya kamamenya waya, ndipo nsaluyo ndi imene imachititsa kuti mawu atuluke ozungulira bwino. Ukabaya kamsomali pansonga pa kanyundoko, chitsulo chimamenya chitsulo, mawu amatuluka akuthwa, onjenjemera, ofulumira kuzima, ngati a piyano yotopa ya m'holo ya zovina kapena m'nyumba ya mowa. Brand anakhala pa piyano imeneyo n'kuyamba kuliza kachuni kobwerezabwereza, anzake anamutsatira mmodzimmodzi, ndipo posakhalitsa anajambula. Pulodyusa wa kampani akanalamula kuti abwerere ku piyano yaikulu, chifukwa ndi imene inalipiridwa ndipo ndi imene imamveka yaulemu. Palibe amene analamula. Kulira kwachitsulo kuja ndi kumene munthu amayamba kumva chimbalecho chikangozungulira, ndipo kwa omvera a ku South Africa a msinkhu wina kunali kulira kwa marabi, nyimbo za m'makomboni a Johannesburg za m'ma 1920 ndi 1930, zimene anthu ophunzira ankazinyoza kuti ndi za zidakwa.

Nyimboyo payokha ndi yosavuta kuifotokoza. Dzanja lamanzere limayenda pa makodi atatu ofunika kwambiri a kiyi, kuchoka pa loyamba kupita pa lachinayi, kubwerera, kukwera pa lachisanu, n'kuyambiranso, osasintha mpaka kumapeto. Liwiro lake ndi lapakatikati, loti munthu angayende nalo osathamanga. Masakisofoni amalowa pamodzi ndi chuni chachifupi, mawu awo ataunjikana ngati a kwaya ya m'tchalitchi, ndipo piyano imawayankha. Besi ndi ng'oma zimasinthana kugunda ngati amayi awiri osinja pa mtondo umodzi, wina akakweza munsi mnzake akutsitsa. Kenako Coetzee amatenga mpata wake. Sathamanga, sadzaza malo onse ndi manoti. Amagwira kachidutswa kamodzi, kukabwereza, kukapinda pang'ono, kukasiya, n'kudzakatolanso patsogolo ndi mawu okhakhala amene amakwera mpaka kung'ambika pang'ono pamwamba. M'kati mwa zonsezi mumamveka nyimbo za m'tchalitchi, kugunda kwa ng'oma ya ghoema ya pa chikondwerero cha m'misewu ya Cape Town cha pa 2 January, mavinidwe a langarm a m'maholo, ndi blues ya ku America. Khutu la Mmalawi silisochera pa nyimboyi, chifukwa mzunguliro womwewo wa makodi unafika kuno kudzera mu kwela, imene inabwera ndi zimbale ndi anthu obwerera ku Joni, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaumangira nyimbo zawo.

Atabwerera ku Johannesburg, Vally sanapite ku wayilesi. Anatenga chimbale choyeserera, chija amadinda chimodzi chokha kuti amve ngati zonse zili bwino, n'kuchiika pa masipika a panja pa shopu yake, pamsewu umene anthu ambiri ochokera kuntchito ankadutsa. Anthu ankaima, n'kulowa kudzafunsa kuti chimenechi n'chiyani ndipo chituluka liti. Chitatuluka, anagulitsa makope pafupifupi 5,000 m'sabata yoyamba. Apa ndi pamene wotsutsa woyamba amadzutsira dzanja: Vally analibe mphamvu zofikitsa chimbalecho dziko lonse, choncho anagwirizana ndi Gallo kuti ichifalitse, ndipo makope 43,000 amene anagulidwa m'miyezi isanu ndi iwiri anayenda pa malole a kampani yaikulu. Nanga ufulu uli pati? Funsoli ndi labwino, koma likusokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Pali kusankha chimene chijambulidwe, ndipo pali kunyamula chimene chajambulidwa kale. Pamene Gallo inkalowa m'nkhaniyi, nyimbo inali itatha, ya mphindi 13, pa piyano ya timisomali, ndipo anthu anali atavota kale ndi ndalama zawo pa kauntala ya Kohinoor. Kampaniyo inalibenso mpata wofunsa kuti kodi anthu angagule jazi yaitali chonchi, chifukwa yankho linali litabwera funso lisanafunsidwe. Zinthu zikanayamba mwanjira ina, kuti kampani ikhale yoyamba kumva ndi yoyamba kugamula, sindikhulupirira kuti tikanakhala ndi chimbale chimene tili nachochi. Ufulu wa woimba woima payekha sutanthauza kuti asakhudzane konse ndi akuluakulu a malonda. Umatanthauza kuti akumane nawo atanyamula kale chinthu chomalizidwa.

Wotsutsa wachiwiri ndi wolemera kwambiri, ndipo sindikufuna kumupeputsa. Oimba ena a ku Johannesburg ananena kuyambira kale kuti chuni cha "Mannenberg" chikufanana kwambiri ndi cha "Jackpot", nyimbo ya woimba sakisofoni Zacks Nkosi wa ku Alexandra, yojambulidwa zaka zoposa khumi m'mbuyomo. Ngati zili choncho, tinganene bwanji kuti ichi ndi chimbale cha nyimbo zopeka mwini? Kufananako kulipo, ndipo aliyense amene angamvere nyimbo ziwirizi motsatizana adzakumva. Koma tiyenera kukumbukira mmene marabi amagwirira ntchito. Mzunguliro wa makodi atatu uja ndi wa aliyense, ndipo pamwamba pake pamayenda tizidutswa ta chuni timene oimba akhala akubwerekana kuyambira kale. Nkosi nayenso anatunga pa chitsime chomwecho. Mu blues ya ku America zilinso chimodzimodzi: nyimbo zikwizikwi zimayenda pa mabala 12 omwewo, ndipo Charlie Parker ndi anzake anamanga nyimbo zambiri za bebop pa makodi a nyimbo za ena. Chimene Brand anawonjezera chimamveka bwino ukaziika pafupi: anatsitsa liwiro, anatambasula nyimbo ya mphindi zochepa kuti ikhale bwalo loimbiramo za m'mutu kwa nthawi yaitali, anaunjika masakisofoni mwa kwaya, anasankha kulira kwa piyano kumene kumakumbutsa zakale mwadala. Imeneyo ndi ntchito yopeka, ndipo si yaing'ono. Komabe ndikuvomereza mbali imodzi ya dandauloli. Malamulo a umwini wa nyimbo amafuna dzina limodzi pa pepala, pamene nyimbo ya mtundu uwu ili ndi makolo ambiri, ndipo ndalama zimatsata dzina lolembedwalo. Dzina la Nkosi liyenera kutchulidwa nthawi iliyonse imene mbiri ya "Mannenberg" ikukambidwa. Kulitchula sikuchotsa kanthu pa zimene zinachitika ku Cape Town, kumangoonetsa mzere umene nyimboyi inachokera.

Funso lomwelo la umwini limabweranso m'kati mwa gulu lenilenilo. Nyimbo inabadwa onse ali pomwepo, akuimba za m'mutu, ndipo mbali imene anthu ambiri amaikumbukira ndi ya Coetzee, moti kuyambira pamenepo anthu anayamba kumutchula kuti Basil "Manenberg" Coetzee mpaka imfa yake mu 1998. Ndiye chimbalechi n'cha woimba piyano kapena n'cha woimba sakisofoni? Umu ndi mmene jazi ya gulu laling'ono imakhalira kulikonse, ndipo n'chifukwa chake ndimaiona kuti ndi njira yovuta kwambiri yopekera nyimbo. Wopeka nyimbo za gulu lalikulu amalemba noti iliyonse pa pepala, ndipo woimba wina akadwala, wina amakhala pa mpando wake n'kuwerenga zomwezo. Wopeka wa gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amalemba zochepa, zotsalazo amazipeka posankha anthu. Brand anali ndi mwayi woimba ndi akatswiri a ku New York. Pa chimbale ichi anatenga makamaka anyamata a ku Cape Flats, dera la makomboni a Cape Town, amene anakulira m'magulu a zovina ndi a roko, amene kalizidwe kawo ka sakisofoni, kokhala ndi kunjenjemera kwakukulu ndi manoti opindika, kanachokera m'maholo a kwawo. Anawapatsa maziko osagwedezeka, n'kuwasiyira malo. Ukamvetsera piyano pamene Coetzee akuimba, umaona kuti Brand sakupikisana naye, akungosunga mzunguliro n'kumaponya kayankho apa ndi apo. Kudziletsa kumeneko ndi chisankho cha wopeka. Ellington, amene anamutsegulira khomo ku Ulaya, ankapekanso motero, polembera munthu wakutiwakuti osati chida chakutichakuti.

Palinso okonda jazi amene ankaona chimbalechi ngati kubwerera m'mbuyo. Munthu amene anajambula African Piano ku Copenhagen mu 1969, yekha pa piyano, akuunjika mafunde a manoti ovuta, watsikira bwanji ku makodi atatu a m'mashabini? Kodi sanangofuna ndalama? Ndalama anazifunadi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo kwa munthu wa banja amene zimbale zake zam'mbuyo zinkagona m'mashelefu. Koma kunena kuti chosavuta kumva n'chosavutanso kuchita ndi kulakwitsa kumene anthu osaimba amakonda. Makodi akamasintha pafupipafupi, amamunyamula woimba, chifukwa kodi iliyonse yatsopano imamupatsa chonena chatsopano. Makodi akakhala omwewo kwa mphindi 13, woimba alibe pobisala, ndipo chidwi cha womvera chiyenera kuchokera ku kalizidwe, ku kapumidwe, ndi ku mmene akukankhira kapena kukokera kugunda kwa nyimbo. Miles Davis ndi John Coltrane anafika pa mfundo yofananayo kumapeto kwa ma 1950 pamene anayamba kuimba nthawi yaitali pa kodi imodzi kapena awiri, ndipo palibe amene ananena kuti atsika. Kusiyana kwake n'kwakuti Brand anapeza maziko akewo m'nyimbo za kwawo zimene zinkanyozedwa. M'badwo wa Jazz Epistles unkayesa ulemu wake pa kufanana ndi New York. "Mannenberg" inaonetsa oimba achinyamata kuti nyimbo za agogo awo zingasenze kulemera konse kwa jazi, ndipo zimene lero zimatchedwa Cape jazz zinamera pa umboni umenewo.

Dzina la nyimbo nalonso linali chisankho chimene kampani yosamala za ubale wake ndi boma ikanachizemba. Manenberg, imene pa chimbale inalembedwa ndi ma n awiri pakati, ndi komboni ya ku Cape Flats imene boma linamanga m'ma 1960 kuti likatayeko anthu amene linawatchula kuti makaladi. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linapatsa boma mphamvu zogawa malo okhala potengera khungu, ndipo pa 11 February 1966 dera la District Six, pafupi ndi pakati pa mzinda, linalengezedwa kuti ndi la azungu okha. Anthu oposa 60,000 anachotsedwamo m'zaka zotsatira, nyumba zawo n'kugumulidwa, iwo n'kumwazidwa m'makomboni a mchenga ndi mphepo makilomita ambiri kuchoka kuntchito kwawo. Coetzee anabadwira ku District Six ndipo banja lake linali m'gulu la osamutsidwawo. Pachikuto cha chimbalecho pali chithunzi cha mayi wina wa ku Manenberg amene ankagwira ntchito zapakhomo kwa a Goldberg, ndipo poyamba Brand ankafuna kuti nyimboyo itchedwe dzina la mayiyo. Mutu wa chimbale umanena kuti kumeneko, kumalo kumene boma linkafuna kuti anthu aiwalike, n'kumene zinthu zikuchitika. Palibe mawu achipongwe, palibe dzina la nduna, palibe chimene wosefa nyimbo akanachilemba mzere wofiira. Koma aliyense wa ku Cape Town ankadziwa chimene dzinalo likuloza.

Ndale zenizeni zinabwera mochedwa. Brand anachokanso m'dzikolo mu 1976, chaka cha zipolowe za ku Soweto, ndipo sanabwerere mpaka 1990. Amene anaisandutsa nyimbo ya nkhondo yolimbana ndi tsankho ndi Coetzee ndi Jansen, amene anatsala. Bungwe la United Democratic Front litakhazikitsidwa ku Mitchells Plain pa 20 August 1983, awiriwa ankaimba "Mannenberg" pa misonkhano, pa makonsati osonkhetsa ndalama ndi pa zochitika zina za omenyera ufulu, ndipo Jansen ankakonda kuyamba ndi kulankhula kwa anthu za tanthauzo lake. Wina anganene kuti zimenezi zikugwetsa mfundo yanga, popeza mphamvu ya nyimboyi inachokera kwa omvera ndi nyengo, osati ku zosankha za mu situdiyo. Ine ndikuona kuti zikuilimbitsa. Nyimbo zambiri zinagulidwa kwambiri mu 1974, koma sizinatengedwe kupita nazo ku misonkhano patapita zaka khumi. Iyi inatengedwa chifukwa cha zinthu zomwe zija zinasankhidwa pa tsiku lojambula. Inalibe mawu oimbidwa, choncho panalibe choletsa ndipo wolankhula Chixhosa, Chiafrikaans kapena Chingelezi ankaimva mofanana. Inali mzunguliro wopanda mapeto okhazikika, choncho inkatha kutalika malinga ndi kukula kwa msonkhano. Inanyamula pamodzi marabi a anthu akuda a ku Johannesburg ndi ghoema ya ku Cape, anthu amene boma linkawaphunzitsa kuti ndi osiyana ndipo linkawapatsa mawayilesi osiyana. Gulu landale limene linkafuna kugwirizanitsa mitundu linapeza nyimbo imene inali itachita kale zimenezo.

Sindikunena kuti njira yoima pawekha ndi yopanda minga. Kampani yaing'ono ilibe mphamvu yoteteza katundu wake kunja. Ku America chimbalechi chinatuluka mu 1977 ndi dzina lina, Cape Town Fringe, ndipo dzina la komboni lija, limene linali theka la uthenga, linazimiririka pachikuto. Zimbale zina za As-Shams zinadindidwa zochepa n'kusowa kwa zaka makumi angapo. African Songbird ya Sathima Bea Benjamin, ya mu 1976, inali yosapezeka mpaka kampani ina yaing'ono, Matsuli Music, inaitulutsanso mu 2013. Oimba ambiri amene anajambula ndi Vally sanalemere, ndipo ena anamwalira nyimbo zawo zisanafike kwa omvera a kunja amene akuzilemekeza lero. Amene amakamba za ufulu wa woimba ngati mankhwala a mavuto onse sanaonepo mmene umphawi umadyera luso. Chimene ndikunena n'chocheperapo koma cholimba: pa nthawi ndi malo amenewo, nyimbo zina zikanajambulidwa mwanjira imeneyi kapena sizikanajambulidwa konse.

Umboni wake uli m'ndandanda wa zimene Vally anajambula m'zaka ziwiri zotsatira, "Mannenberg" itatsimikizira kuti jazi ya kwawo ili ndi ogula. Mu 1975 woimba piyano Pat Matshikiza anajambula Tshona! ndi Kippie Moeketsi, yemwe pa nthawiyo makampani anali atamuiwala, Coetzee nayenso ali pomwepo. Chaka chomwecho kunatuluka chimbale choyamba cha Black Disco, gulu la Pops Mohamed, Sipho Gumede ndi Coetzee. Mu 1976 woimba piyano wina, Tete Mbambisa, anajambula Tete's Big Sound, nyimbo zake ndi gulu lake. Mu 1976 momwemo Dick Khoza, woomba ng'oma amene mizu yake inali ku Malawi ndipo ankayang'anira zoimbaimba pa kalabu ya Pelican ku Soweto, anatenga oimba a pa kalabupo n'kukajambula Chapita, chimbale chimene chinasowa mpaka Matsuli Music inachitulutsanso mu 2010. Zambiri mwa izi ndi nyimbo zazitali, zopekedwa ndi oimba eni ake, zoimbidwa ndi magulu aang'ono, pa nthawi imene wayilesi ya boma inalibe nazo malo ndipo makampani akuluakulu ankayang'ana kwina.